Sensa Yachinayi

"Chitseko chimenecho musachikhudze, mayi. Ndinene kangati?"

Mawuwo anachokera pansi pa galimoto, kumene a Manijala anagona chagada pa katoni, miyendo yokha ili kunja. Mkazi wawo, amene aliyense ankangomutcha Mzime poti ndi mmene amayi ake ankamuitanira, anali atagwira kale loko wa chitseko chachikulu cha galaja. Maso ankamuyabwa ndi utsi.

"Ndingotsegula pang'ono, bambo, utsi utuluke. Simukuwamva amayi mmene akutsokomolera?"

"Amayi anu anayamba kutsokomola galimotoyi isanagulidwe. Mukufuna msewu wonse udzaime apa kuonerera ine ndikugubuduzika pansi ngati wantchito wa makaniko? Bweretsani tochiyo kuno."

Mzime anasiya lokoyo, nagwada pafupi ndi tayala kuwaunikira amuna ake. Kuseri kwa khoma amayi ake anatsokomolanso, chifuwa chouma chimene chinkamveka ngati munthu akung'amba nsalu yakale.

Ntchito ya umanijala inali itatha kalekale. Chinatsala ndi dzina lokha, ndipo mwini wake ankalisamala kuposa diso. M'mawa uliwonse ankamanga tayi, kupukuta nsapato, n'kukhala pakhonde akulankhula pa foni mokweza, nthawi zina foniyo ili yozima. Anansi ankadziwa kuti bwana masiku ano akugwirira ntchito kunyumba. Chimene chinkadyetsa banjalo ndi makina osokera a Mzime, koma izo zinali za m'nyumba. Umboni wa ubwana umene unatsala unali chigalimoto chakuda, chachitali, cha matayala ofika m'chiuno, chimene ana a mumsewumo ankachitcha Njovu.

Tsono Njovu inadwala. Kanyale kachikasu kanayaka pa dashibodi osazimanso, injini inayamba kunjenjemera ikaima, ndipo petulo inkangomupapira ngati madzi. Kwa makaniko a Manijala anakana kwamtuwagalu. Makanikoyo ankakonzanso magalimoto a anzawo akale a ku ofesi, ndipo pakamwa pake panalibe chitseko. M'malo mwake anaonera mavidiyo pa foni mpaka anapeza okha matendawo: masensa, tizitsulo tonga chala tomangidwa pa paipi ya ekizozi, timene timayeza mpweya wa mu utsi n'kumauza injini mafuta oti imwe. Injini yaikulu ngati imeneyo ili ndi masensa anayi. Anagula atsopano, naikweza Njovu pa jeke, natseka galaja.

Atatu anamasuka, ngakhale yachitatuyo inawasupula khungu la zala. Yachinayi, imene inali pansi penipeni, dzimbiri linali litaigwira ngati inabadwira pomwepo. Munthu wa m'vidiyo ananena kuti chitsulo chikatentha chimafutukuka, choncho mankhwala ake ndi kuliza injini kuti paipi itenthe, kenako n'kuyesa ndi sipanala. A Manijala anamvera. Chimene sanaone n'chakuti munthu wa m'vidiyoyo ankagwira ntchito yake panja, dzuwa likuswa mtengo.

Kachipinda ka amayi a Mzime kanali kumbuyo kwa galajayo. Kale kanali kosungiramo matayala akutha ndi zitini za penti. Khoma lolekanitsa kachipindako ndi galaja silinafike kudenga, ndipo pamwamba panatsala mpata woti mphaka n'kudutsa osawerama. M'nyumba yaikulu munali chipinda china chabwinobwino, koma icho chinali ofesi. Munali desiki, masuti olendewera ndi masatifiketi pakhoma, ndipo palibe ankagonamo.

Masana a tsikulo Mzime anawapititsira amayi ake tiyi. Anawapeza atakhala pa bedi, atamanga mpango wothina kumutu.

"Mutu ukundiwaza ngati nkhuni, mwanawe."

Mzime anawauza kuti akufuna kukawapemphanso amuna ake kuti awasamutsire ku chipinda chija. Nkhalambayo inamugwira mkono, nimuchonderera kuti asatero. Inati banja lake lisagwedezeke chifukwa cha munthu amene watsala ndi mano awiri, poti amuna a masiku ano sasowa kolowera.

"Nyumba ya mwini saotchera mbewa. Anandilandira nyumba yanga itagwa, ena akanandikana. Ndipotu akaliza chigalimoto chawocho kuno kumafunda, ine tulo timangonditenga. Chimandisautsa ndi kamphepo ka pawindo apa."

Mzime anayang'ana kawindoko. Galasi lake linali losweka pakona, ndipo nyengo inali yozizira. Anapita kumakina kwake, natola tizidutswa ta nsalu, nabwera kudzatsekera mpata uliwonse mpaka mphepo inasowa polowera. Anachita zimenezi ndi mtima wonse, ngati mwana wokonda mayi wake. Kenako anasokanso katani yokhuthala ya pawindo la galaja, poti amuna ake anati mwana wina woyandikana nawo anasuzumirapo.

Masabata anapita, sensa yachinayi osasuntha. A Manijala ankaliza injini, kuzimitsa, kulowa pansi, kutukwana sipanala, kutuluka, kulizanso. Iwowo utsi ukawakwana ankathawira kukhitchini, n'kumwa madzi, n'kudandaula mutu, n'kunena kuti ndi maganizo. Amayi a Mzime analibe kothawira. Anayamba kusanza, kudzandira popita kuchimbudzi, ndipo tsiku lina anamuitana Mzime ndi dzina la mkulu wake amene anamwalira ali mtsikana. Mzime anachita mantha. Amuna ake anangoti umenewo ndi ukalamba, mutu wayamba kuzungulira, ndipo chofunika n'kusamala kuti asamatulukire kumsewu kukachititsa anthu manyazi.

Kuchipatala anapita pa basi, poti Njovu inali pa jeke. Chodabwitsa n'chakuti basi isanafike n'komwe, nkhalamba ija inali itatsitsimuka. Inkayang'ana pawindo, kuseka zovala za atsikana, mpaka kupempha nthochi. Pofika pamzere wa odwala inali ikucheza ndi aliyense.

Amene anawaona anali a Namwino, mayi wonenepa wa mawu ofatsa, amene nyumba yawo inali mumsewu womwewo, moyang'anana ndi geti la a Manijala. Anawayeza amayiwo, namvetsera chifuwa, nafunsa za mutu ndi kusanzako. Atamva kuti matendawo amakula masana n'kuchepa akatuluka panja, anaika cholembera pansi. Anafunsa ngati m'chipindamo mumakhala mbaula ya makala. Mzime anati ayi. Anafunsa za jenereta. Mzime anatinso ayi.

"Nanga galimoto? Sakugona pafupi ndi galaja amayiwa?"

Mzime akanati inde, mafunso ena akanatsatira, ndipo pofika madzulo msewu wonse ukanadziwa kuti bwana akukonza yekha galimoto atadzitsekera, apongozi awo akugona mosungira matayala. Amayi ake anamuponda chala mwakachetechete.

"Ayi, amagona m'nyumba. Galimoto ili bwinobwino."

A Namwino anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako analemba mankhwala a chifuwa, nanena ngati akulankhula ndi khoma kuti utsi wa injini ndi woipa kuposa njoka, chifukwa chimene chimapha mmenemo sichinunkha ndiponso sichioneka. Anati munthu samva kuwawa kwenikweni, amangofooka, n'kugona, osadzukanso.

Mawu amenewo anamutsatira Mzime mpaka kunyumba. Atangofika anazula tinsalu tija pawindo la amayi ake, koma nkhalambayo inadandaula mphepo mpaka inatola yokha n'kubwezeretsa, mwana wake atatembenuka. Amuna ake anawapeza mu ofesi muja, akupukuta fumbi pa suti yabuluu.

"Bambo, chikuwadwalitsa amayi ndi utsi wa galimoto yanu."

"Wanena ndani?"

"A Namwino."

A Manijala anatembenuka, nkhope itasintha. Sanafunse za apongozi awo. Anafunsa chimene Mzime anawauza a Namwinowo, ndipo atamva kuti sanaulule kanthu, mapewa awo anatsika.

"Mwachita bwino. Mayi uja akadziwa chinthu ndiye kuti wailesi yadziwa."

"Koma bambo, mwamva chimene ndanena? Akuti munthu amangogona osadzukanso. Asamukire muno amayi, ngakhale pansi pa desiki yanuyi, mpaka mumalize."

"Muno mumabwera anthu."

"Anthu ake ati? Chithereni ntchito yanu, ndani analowapo muno kupatula ine ndi tsache?"

Mawuwo anawalasa. Anakhala pampando, nayamba kulankhula motsitsa, ndipo Mzime ankawaopa kwambiri akamalankhula motsitsa kusiyana ndi akamakalipa. Anati Loweruka likubwerali kuli ukwati wa mwana wa mkulu wina wa kampani, ndipo anthu onse amene angathe kuwapatsa ntchito adzakhala kumeneko. Anati munthu wofika pa basi amapatsidwa moni, koma wofika pa Njovu amapatsidwa mpando. Anamufunsa Mzime ngati akufuna kudzafera pamakina osokera, ndiponso ngati waiwala kuti denga limene amayi ake akubisalamo mvula ndi la yani.

"Sindinaiwale. Koma mako ndi mako, bambo, usamuone kuchepa mwendo. Ine ndilibe mayi wina. Itanani makaniko, kapena tsegulani chitseko. Safunsa anadya phula."

"Miyambi siimasula sensa, mayi. Ndatsala pang'ono. Dzulo inagwedera pang'ono, ndinaimva ndi dzanja langali."

"Ndiye mundilonjeze chinthu chimodzi. Musalize injini amayi ali m'kachipinda muja. Muzindiuza, ndiziwatulutsa."

"Kuwatulutsira kuti? Pakhonde, a Namwino anuwo aziwerenga nthiti zawo?"

"Kukhitchini."

A Manijala anapumira m'mwamba, nati chabwino, alonjeza. Mzime anatuluka akudziwa kuti lonjezo la munthu wothina ndi manyazi sililimba, komabe analitola poti panalibe china choti atole. Anadzida yekha chifukwa chonama kuchipatala kuja. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo iye m'mimba ankamvamo ndithu, koma chitsekocho sichinali chake.

Kwa masiku angapo zinayenda. Injini ikati ilire, Mzime ankawatenga amayi ake n'kuwakhazika kukhitchini, pafupi ndi windo. Mutu unaleka, kusanza kunaleka, ndipo nkhalambayo inayambanso kumuthandiza kusoka mabatani. Sensa yokha ndiyo inakanirira.

Lachisanu m'mawa kunacha ndi kamvula kowaza. Mzime anayenera kukapereka mayunifolomu kusukulu ina ya kutsidya kwa tauni, ndipo mwini sukuluyo anali atanena kuti akapanda kufika tsikulo ntchitoyo aipereka kwa telala wina. Anasuzumira m'kachipinda muja. Amayi ake anali atamwa mankhwala a chifuwa, ali m'tulo, atafunda bulangete mpaka m'khosi. Anaima pakhomo akulingalira zowadzutsa, koma anawamvera chisoni, poti chifuwa chinali chitawasowetsa tulo. Anapita kwa amuna ake.

"Amayi agona. Musalize mpaka nditabwera."

"Ndamva."

"Bambo, mwalonjeza."

"Ndati ndamva, mayi. Kodi ndilumbire?"

Potuluka anadutsira kukhitchini, nachotsa kiyi wa galimoto pa msomali, namuponya m'chikwama chake. Mumsewu ankayenda mopepuka, akudziona wochenjera. Za kiyi wachiwiri, amene ankakhala m'thumba la suti yabuluu, sizinamubwerere m'mutu mpaka ali m'basi yobwerera, dzuwa litapendeka. Kuyambira pamenepo basiyo inkaoneka ngati ikuyenda chobwerera.

Anatsika akuthamanga. Ali pageti anamva injini ikulira, osati monjenjemera muja, koma mosalala ngati tsiku limene galimotoyo inagulidwa. Chitseko cha galaja chinali chotseka. A Manijala anamuchingamira pakhomo la kukhitchini atavala thaulo m'chiuno, akununkhira sopo, nkhope ikuwala ngati ya mnyamata.

"Yamasuka, mayi! Ndinaitenthetsa bwinobwino, nditangoti ndi sipanala, yokha inatembenuka. Yatsopano ndamanga, Njovu ndaitsitsa pa jeke. Bwerani mudzaone, kanyale kaja kazima."

"Injiniyi yalira nthawi yaitali bwanji?"

Anati sanayang'ane wotchi. M'vidiyo ananena kuti ukamanga sensa yatsopano uisiye injini ilire kuti izolowere, ndiye iwo anaisiya, n'kukasita malaya a mawa, n'kukasamba.

"Amayi ali kuti?"

Mzime anaona m'maso mwa amuna ake kuti sanachite dala. Anali atangoiwala, monga munthu amaiwalira ambulera m'basi, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa akanachita dala.

Anaponya chikwama, nazungulira kuseri. Atakankha chitseko cha kachipindako mpweya wotentha unamumenya kumaso. Amayi ake anali chigonere mmene anawasiyira, bulangete lili m'khosi, dzanja limodzi lili pansi pa tsaya. Nkhope yawo inali yosalala ngati ya munthu amene wapuma bwino. Tinsalu tija tinali pawindo, totsekera bwinobwino. Mzime anawagwedeza, nawaitana, nawanyamula monga amanyamulira mwana, nawatulutsira pabwalo pa mvula. Anali opepuka kwambiri. Anawapepesa, nawauzira mpweya m'kamwa, koma thupi lokha ndilo linali lofunda.

Kumbuyo kwake anamva injini ikuzima. Kenako anamva chitseko chachikulu cha galaja chikutseguka mbali zonse ziwiri, koyamba m'masabata onsewo. Pamene anansi ankafika atamva kulira, utsi unali utabalalika, katoni ndi masipanala zitalowa m'kabati, ndipo a Manijala anali atavala malaya ositasita aja. Anathandiza kunyamula apongozi awo kuwalowetsa m'nyumba yaikulu. Desiki anaikankhira kukhoma, nayala matiresi mu ofesi muja, ndipo aliyense wolowa anaona kuti gogoyo ankagona m'chipinda chabwino, cha masatifiketi pakhoma.

Ku ukwati kuja sanapite, koma anzawo akale a ku ofesi anamva za zovutazo ndipo anabwera ambiri. Anaimika magalimoto awo mumsewu, napatsidwa mipando kutsogolo. Mzime, atakhala pansi pakati pa amayi anzake, ankamva zolankhula za anthu zikudutsa pamwamba pake. Ankati gogoyo anali ndi mwayi, poti amuna ambiri masiku ano safuna n'kumva komwe za makolo a akazi awo. Ankati wafa imfa yabwino, ya m'tulo, yosavutitsa ana. Azakhali ake a Mzime, amene anachokera kutali, anamunong'oneza kuti mwamuna wotere azimugwira ndi manja awiri.

A Namwino anabwera kudzakhala pambali pake. Anamugwira dzanja, nadikira mpaka nyimbo itakwera kuti ena asamve.

"Achemwali, ndiuzeni ine ndekha. Amayi ankagona kuti?"

Mzime anakweza maso. Kutsidya kwa bwalo amuna ake anali ataima pafupi ndi Njovu, atavala suti yabuluu, mkulu wa kampani uja atawagwira paphewa akuwauza kanthu. Anaganiza zonena zonse. Koma akananena, akanayenera kunenanso za amene anatseka windo ndi tinsalu, amene anasoka katani, amene anati ayi kuchipatala, ndi amene anawasiya amayi ake ali m'tulo n'kukakwera basi. Akanayeneranso kudziwa kumene akagone mawa lake, ndipo kunalibe.

"Ankagona m'nyumba. Anali odwaladwala."

A Namwino anamusiya dzanja pang'onopang'ono, nayamba kuimba nawo nyimbo ija.

Popita kumanda Njovu ndiyo inatsogolera. Mipando yakumbuyo anaipinda, bokosi linakwana bwinobwino, ndipo anthu anayamikira kukula kwa galimotoyo. Mzime anamukhazika kutsogolo, pambali pa amuna ake. Injini inkalira mosalala, pa dashibodi panalibe kanyale kalikonse koyaka. Atayenda pang'ono, a Manijala ananena motsitsa, maso ali pamsewu, kuti mkulu uja wawauza kuti akamuone ku ofesi Lolemba.

Mzime anatsitsa galasi la windo lake, natulutsa nkhope kuti apume. Kumbuyo kunali mzere wa magalimoto a anthu a ku ofesi, ndipo tayala lililonse linkautsa fumbi la msewu wa kumanda.

"Kwezani galasilo, mayi," anatero a Manijala. "Fumbi liwononga mipando."

Mzime anayang'ana bokosi la amayi ake kumbuyo, nayang'ana amuna ake. Kenako anakweza galasilo mpaka pamwamba.